Bodza la Bondo Lamanzere

Amayi anga sanamukonde Eliezer kuyambira tsiku limene anaponda pakhomo pathu. Nkhope yake analibe nayo chifukwa, ulemu anali nawo wosefukira, koma pakhosi pake pankalendewera kawotchi koyezera liwiro, ndipo kawotchiko ndi kamene kankawanyansa amayi.

"Munthu amene ntchito yake ndi kuyeza ana a eni ake ngati ng'ombe za pamsika, muno akudzayeza chiyani?" ankandifunsa choncho iye akangotuluka pageti.

"Akudzayeza ine, amayi."

"Iwe uli ndi chiyani choti munthu n'kuyeza? Tsegula maso, Yudelka."

Eliezer Montás ankagwira ntchito ku kampu ya ku Boca Chica yophunzitsa besibolo, masewera aja omenya mpira ndi ndodo, imene mwini wake ndi timu ina yaikulu ya ku America. Iye ndi amene ankaona anyamata oima kutali paudzu, owakha mipira yomenyedwa m'mwamba, n'kumawapatsa malikisi kuyambira 20 mpaka 80: miyendo mwakuti, mkono mwakuti, kumenya mwakuti. Mmodzi mwa anyamatawo anali mlongo wanga Wilkin, wa zaka 19, ndipo chimenechi chinali chaka chake chachitatu ku kampuko. Kuno ku San Pedro ngakhale wogulitsa malalanje akudziwa kuti chaka chachitatu n'chomaliza. Ukapanda kukwera ndege ya ku Florida, ku America komweko, umakwera minibasi yobwerera kwa amako, chikwama chili pamiyendo.

Lachiwiri lotsatira Pasaka kunkabwera bwana wamkulu wa timuyo kudzaona anyamata anayi a paudzu. Mipando ya m'ndege inali iwiri.

Ndiye m'nyumba mwathu munali chinsinsi. Lamlungu la Kanjedza, Wilkin atangobwera kutchuthi cha Sabata Loyera, anabwereka njinga yamoto ya mnzake, chinthu chimene pepala lomwe anasaina ku kampu limaletsa ndi zilembo zikuluzikulu. Pamphambano ya kumsika galu anadutsa, iye n'kugwera phewa lamanja. Bala panalibe. Kuthamanga ankathamanga, ndodo ankaivungumiza bwinobwino, koma akangokweza mkono kupitirira mutu ngati akuponya, milomo yake inkatuwa.

"Achemwali, chonde musawauze alamu," anandichonderera.

"Alamu ake ati?" anakuwa amayi ali kukhitchini. "Ine muno sindinalandire mkamwini."

Wilkin anatsitsa mawu. "Tamverani. Ine ndimaima pakati, ndipo pakati timadyera miyendo. Ndikawakha mpira ndingomuponyera mnzanga wapafupi, basi. Wofunika mkono ngati mfuti ndi wa kumanja, woponya kuchokera kumpanda mpaka pambale pomwe pamaima womenya. Ndingodutsa Lachiwiri lokhali. Ku Florida ndikafika litapola."

Ndinamulonjeza. Bambo atamwalira, mwanayu golovesi yake yoyamba ndinamusokera ndine ndi katoni ya mkaka, ndiye ndikanamukanira bwanji? Koma kubisira chinthu mwamuna amene umamukonda si masewera.

* * *

Lachinayi ku saluni kumene ndimagwira ntchito kunali piringupiringu, mkazi aliyense akufuna mutu wa Pasaka. Pampando wanga panadzakhala Dahiana. Mayi ameneyu amagwira ntchito mu ofesi ya ku kampu, anakhalapo pachibwenzi ndi Eliezer kwa chaka chathunthu, ndipo msuweni wake Braulio anali mmodzi mwa anyamata anayi aja. Mipando ina inalipo, koma anadikira wanga.

"Asisi, mundiwongole bwinobwino, Lachiwiri kukubwera azungu."

"Weramani."

"Ndamva kuti a Montás masiku ano mpunga akudyera kwanu."

"Mwamva bwino. Weramaninso."

"Iii, musandikoke chonchi, ine sindikulimbirana nanu. Ndinadya kale ine, ndinakhuta, mbale ndinatsuka." Anaseka, azimayi a pambali n'kutchera makutu. Kenako anatsitsa mawu. "Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Taonani ichi."

Anandipatsa foni yake. Panali chithunzi cha pepala la mu ofesi, dzina la Wilkin pamwamba, siginecha ya Eliezer pansi. Tsiku lake linali la mu Novembala, sabata yomwe Eliezer anabwera kwathu koyamba. Ndinawerenga kawiri:

"Bambo anamwalira. Mayi ndi ovuta, sakhulupirira mlendo. Mnyamatayu zonse amauza mlongo wake wamkulu, Yudelka. Wofuna kudziwa za Wilkin ayambire kwa ameneyu."

"Amati kuyeza khalidwe," anatero Dahiana akudziyang'ana pagalasi. "Onse a tiwotchi amachita zimenezi. Amalowa m'nyumba, amadya, amaseka nanu, Lolemba n'kukalemba. Kwa Braulio anapitakonso, kungoti Braulio alibe mlongo wooneka bwino."

"Mwandionetsa kuti nditani?"

"Palibe. Kungoti mnyamata akakhala ndi kachifuwa, kapena kachibwenzi komusokoneza, kapena kabala kobisika, timu imafuna idziwe isanawononge tikiti ya ndege. Ndiye pocheza paja muziyamba mwaganiza."

Ndinamupsereza khutu ndi chitsulo chowongolera tsitsi. Mpaka lero sindikudziwa ngati inali ngozi.

* * *

Lachisanu Loyera ine ndi amayi tinali kuphika nyemba zotsekemera, mphika waukulu woti tigawireko msewu wonse. Ine ndinkapala kokonati, amayi akutakasa. Ndinawauza za pepala lija. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni, koma nkhope yawo inawala ngati munthu amene wapeza singano yomwe inasowa chaka chatha.

"Ndinanena ine. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Mwina poyamba inali ntchito, kenako n'kusintha."

"Mwina. Ndipo mwina galu uja anagwetsa mlongo wako anali mngelo."

Foni yanga inalira. Unali uthenga wa Eliezer.

"Mawa ndibwere ndi mabisiketi a pa nyemba? Mbiri ya mphika wa amayi yafika mpaka ku Boca Chica."

Ndisanayankhe, unafikanso wina: "Wilkin akupuma bwino?"

Mawu amenewa anali atandilemberapo kambirimbiri, ndipo kale ankandisangalatsa, ndinkati mwamuna wosamala za abale anga. Tsiku limenelo anandilasa. Ndinabwerera m'mbuyo pafonipo kuwerenga mauthenga athu onse kuyambira Novembala. Wilkin wadya? Wilkin amagona nthawi yanji akabwera kunyumba? Mnzake uja wa ndolo ndi ndani? Paliponse pamene kale ndinkaona chikondi, tsopano ndinkaona funso.

Amayi anaika mthiko pansi. "Khoswe wa m'nyumba sathamangitsidwa, amatcheredwa. Muuze bodza."

"Bodza lanji?"

"Muuze kuti Wilkin akumva bondo lamanzere. Umulumbiritse kuti asauze munthu. Lolemba mwana akabwerera ku kampu, adokotala akangomugwira bondo, wadziwa kuti unkagona pa njoka. Bondolo ndi lamoyo, akalipinda, akaliwongola, sakapezapo kanthu. Mwana sataya chilichonse."

"Nanga akapanda kumugwira?"

"Ndidzamuphera nkhuku ndi manja angawa, n'kumutcha mwana wanga." Anandiloza ndi chala. "Koma Wilkin asadziwe. Amamukonda kwambiri kazitape wakeyo, ndipo nkhope yake sisunga kanthu."

"Amayi, Lachisanu Loyera tikukonza bodza?"

"Tikalapa Lamlungu. Thira shuga."

Ndinaona kuti nzeru ya amayi inalibe chilema. Ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna pamene ingatilume, osapeza.

* * *

Loweruka Eliezer anafika ndi mabisiketi, atavala malaya oyera, pakhosi popanda kanthu.

"Lero kawotchi mwakasiya kuti, bambo?" anafunsa amayi asanamupatse ndi moni womwe.

"M'galimoto, amayi. Ndinaona kuti mumakayang'ana ngati mukufuna kukaphika."

Wilkin anaseka mpaka kutsamwa. Amayi sanaseke. Anamupakulira Eliezer nyemba m'kapu yaikulu n'kuima pomwepo manja ali m'chiuno.

"Paja mumapatsa malikisi chilichonse. Nanga izi?"

Eliezer analawa, anatsinzina. "Izi ndi 75, amayi."

"Zisanu zinazo mwadya ndinu?"

"Ayi, 80 ndimasungira chinthu chomwe munthu amachiona kamodzi pa moyo wake." Ponena zimenezi anayang'ana ine. Mtima wanga unadumpha monga mwa masiku onse, koma mutu unafunsa kuti kodi mawu amenewa Dahiana sanawamvepo?

Atatha kudya anatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba domino ndi amuna a nyumba yoyandikana. Kwathu kuno domino saika, amamenyetsa kuti msewu wonse umve. Wilkin ankamenyetsa ndi dzanja lamanja dala, mwamphamvu kuposa aliyense, akukuwa kuti, "Alamu, lembani mkono umenewu!" Ine ndinkangoyang'ana maso a Eliezer. Maso ake sakhala malo amodzi, amayang'ana mapazi a munthu, mapewa, mmene wanyamukira pampando. Kodi waona? Kodi akuwerenga? Pambuyo pake ndinamupeza Wilkin kuseri kwa bafa, atadinda madzi oundana paphewa, misozi ili lengelenge.

"Sanaone kanthu," ananong'ona. "Ndawapusitsa."

Dzuwa litapendeka ine ndi Eliezer tinapita kukayenda m'mbali mwa nyanja. Ana ankasewera besibolo ndi ndodo ya tsache ndi zitsekero za mabotolo, ndipo iye anaima kaye kuwaonerera, chifukwa munthuyu sangadutse mwana woponya chinthu.

"Eliezer, tsiku loyamba lija unabwera kwathu, unadzatani?"

"Ntchito," anayankha osazengereza. "Timayenera kudziwa kumene mnyamata amachokera."

"Nanga tsiku lachiwiri?"

"Ndinadzatenga chipewa chomwe ndinaiwala."

"Sunaiwale chipewa iwe."

"Ndinachisiya dala pansi pa mpando. Amayi ako anachipeza, n'kundiponyera pageti." Anandigwira dzanja. "Bwanji lero? Kuyambira m'mawa ukundiyang'ana ngati ndakubera."

Apa ndi pamene ndikanabwerera. Koma ndinakumbukira mawu a papepala aja, akuti ayambire kwa ameneyu, ndipo mtima unauma.

"Ndili ndi nkhani, koma ulumbire kuti suituluka pakamwa pako, ngakhale pa cholembera chako."

"Ndikumva."

"Wilkin akumva bondo lamanzere. Anaterereka kubafa. Akathamanga kwambiri limatupa."

Anasiya dzanja langa. Anatembenukira kumadzi.

"Kuyambira liti?"

"Lamlungu lapitali."

"Koma sakutsimphina."

"Akubisa. Paja ukumudziwa."

"Yudelka, ukudziwa chimene ukundipempha? Ine chimene chimandidyetsa ndi maso angawa, ndi kuti ndikalemba chinthu anthu amakhulupirira. Ndikabisa bala n'kudzadziwika, palibe timu pachilumba chino imene idzandipatsenso ngakhale mpando wa mlonda."

"Ndiye sankha."

Anapumira m'mwamba, n'kundikokera pachifuwa pake. "Wauza Eliezer. Montás wa kawotchi sanamve kanthu, ali m'galimoto."

Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Komabe tikubwerera, kamawu kena kankandinong'oneza kuti wavomera msanga kwambiri munthu ameneyu.

* * *

Lolemba m'mawa Wilkin anabwerera ku kampu. Ine makasitomala ndinkawapesa maso ali pafoni. Cha m'ma 11 ndinamulembera Wilkin.

"Zikuyenda?"

"Atiyeza kulemera basi. Ndanenepa ndi nyemba za amayi."

"Adokotala sanakuitane?"

"Ayi."

"Palibe wakugwira bondo?"

"Bondo? Achemwali, mwamwa chiyani m'mawa uno?"

Ndinayamba kupuma. Koma nthawi ya nkhomaliro unalowa uthenga wa nambala yachilendo, pamodzi ndi chithunzi cha chitseko chotseka.

"Ndine Dahiana. A Montás anu adzitsekera umu ndi mphunzitsi wa timu, pafupifupi ola lathunthu. Dzina la Wilkin ndalimva katatu. Paja ndinati muziyamba mwaganiza."

Ndinawaimbira amayi nthawi yomweyo.

"Wamva?" anatero amayi. "Dikira, pofika madzulo amugoneka pabedi la adokotala."

Ndinadikira. Ola lililonse ndinkamufunsa Wilkin, mpaka anandiuza kuti ndimusiye, ndikumuchititsa manyazi kwa anzake. Nthawi ya 5 koloko, pamene amawalanda mafoni tsiku loti mawa kuli masewera akuluakulu, analemba komaliza kuti, "Palibe wandikhudza. Mawa mubwere msanga, mundione ndikuuluka."

Patangopita mphindi zochepa Eliezer analembanso: "Ndakonza zonse. Mawa ubwere ndi amayi, mtima uike pansi."

Ndinawaonetsa amayi mauthenga onse awiri. Anawerenga atavala magalasi, anavula, anavalanso.

"Nanga ola lija amakambirana chiyani?"

"Ntchito yawo, amayi. Anyamata alipo anayi. Bondo palibe waligwira, si zimene tinapangana?"

Amayi sakonda kugonja, koma mawu awo amasunga. Anatenga chikwama chawo n'kupita kwa a Casilda oweta nkhuku, ndipo anabwera ndi tambala wamkulu wofiira, n'kumumangirira pa mtengo wa mango.

"Umuuze kuti mawa masewera akatha adzadye kuno," anatero osandiyang'ana.

Ndinavina m'khitchini ngati mwana. Ndinali nditatchera msampha, msampha sunagwire, ndipo mwamuna anali wanga.

* * *

Lachiwiri tinafika ku Boca Chica dzuwa lisanatenthe. Mabenchi anali odzaza ndi azimayi a anyamata, aliyense atavala za kutchalitchi. Kuseri kwa ukonde kunali tebulo, ndipo pamenepo panakhala bwana uja, mzungu wamtali wa chipewa cha udzu, Eliezer pambali pake, kawotchi kali pakhosi.

Anyamata anatuluka akuthamanga kupita m'malo mwawo. Ndinayang'ana pakati paudzu, pamene Wilkin wakhala akuima zaka zitatu. Panaima Braulio.

"Mwana wanga ali kuti?" anafunsa amayi.

Ndinamuona. Ankapita kumanja, pang'onopang'ono, akucheuka kuyang'ana mphunzitsi ngati munthu amene akudikira kuti amuuze kuti pachitika cholakwika. Palibe anamuitana. Anakaima pafupi ndi mpanda, kutali kwenikweni ndi mbale.

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Unali uthenga wa Eliezer.

"Dzulo ndinalimbana ndi mphunzitsi mpaka wavomera. Ndamuuza kuti miyendo ya Wilkin bwana akuidziwa kale, lero aone mkono. Kumanja sathamanga kwambiri, bondo lipuma. Mkono wake ndinaupatsa 60, umukweza ndege wokha. Sindinalembe kanthu, sindinauze munthu."

Nditadzutsa mutu, Eliezer anali atatembenuka. Anagwira bondo lake lamanzere, anamwetulira, n'kuika foni patebulo, pafupi ndi chigongono cha mzungu uja.

Ndinawapatsa amayi foni. Atawerenga, anatulutsa korona m'chikwama.

Ndinalemba kuti, "Si bondo, ndi phewa, muchotse kumeneko." Chala chinaima pamwamba pa batani. Foni yake inali chagada patebulo, ndipo mzunguyo Chisipanishi ankachidziwa, ndinali nditamumva akuseka ndi mphunzitsi. Akawerenga, afunsa kuti phewa latani, ndipo nkhani ya njinga yamoto ikangotuluka Wilkin amuthamangitsa tsiku lomwelo. Komanso, ndinene zoona, ndinkaopa nkhope ya Eliezer akadziwa kuti ndinamuyesa. Ndinafufuta. Ndinati mwina mpira supita kumanja, pali masiku ena wa kumanja amangoima mpaka masewera kutha.

Dahiana anadzakhala kumbuyo kwathu, tsitsi lomwe ndinamuwongola lija likuwala, khutu lili ndi pulasitala.

"Mwaona tsopano, asisi? Mlongo wanu miyendo yake ndi 70, palibe womupeza pa kampu pano. Ndiye tsiku lobwera bwana n'kumuchotsa pakati? Ngakhale ine sindimayembekeza kuti a Montás angatikomere mtima chonchi. Kaya munawauza chiyani."

Akanadziwa kuti mpeni umenewu ndinanola ndekha, akanaseka mpaka kugwa pabenchi.

Gawo loyamba linadutsa, mpira osapita kumanja. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu Wilkin anamenya mpira wodutsa pakati pa anthu awiri n'kuthamanga ngati mphepo, kudutsa zikhomo zomwe womenya amaponda pozungulira bwalo, mpaka pachikhomo chachitatu, anthu n'kuimirira. Ndinaona Eliezer akuyang'ana kawotchi kake, kenako miyendo ya Wilkin, kenako kawotchi kachiwiri. Sanamwetulire. Anatembenuka kundiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Gawo lachinayi mpira unapita m'mwamba kumanja, Wilkin anauwakha bwinobwino, ndipo popeza panalibe wothamanga anangouponya chapansipansi kwa mnzake. Amayi anapsompsona korona.

Gawo lachisanu panali wothamanga pachikhomo chachiwiri. Womenya anali mnyamata wamanzere, wa mapewa ngati chitseko. Ndodo inalira. Mpira unadutsa pamwamba pa mutu wa wolonda chikhomo choyamba, unadunda kamodzi paudzu, n'kulunjika kwa Wilkin. Wothamanga uja anakhota pachikhomo chachitatu osaima, akulowera kumbale. Wilkin anayenera kuponya kuti mpira ufike pambalepo wothamangayo asanafike. Uwu ndi mpira umene wa kumanja aliyense amaulota usiku, ndipo bwalo lonse linadziwa. Mzungu anaimirira. Anthu anakuwa pamodzi, "Ponya! Ponya!"

Ine ndekha ndinakuwa kuti, "Usaponye!" koma mawu anga anamira.

Wilkin anatola mpira, anaponda kawiri, n'kukweza mkono kupitirira mutu. Anaponya ndi mphamvu zake zonse, chifukwa mwana ameneyu theka salidziwa.

Mpira unagwa usanafike ndi pakati pomwe, n'kumagubuduzika wokha paudzu. Palibe anautola. Onse ankayang'ana Wilkin, amene anali atagwada, mutu uli pansi, dzanja lamanzere litagwira phewa, mkono wamanja ukulendewera ngati si wake.

* * *

Anamukweza pa kangolo kamoto kopita naye kuchipinda cha adokotala. Njira yake inkadutsa pafupi ndi ukonde, pamene Eliezer anali ataima. Wilkin atamuona anayesa kudzuka.

"Munkadziwa!" anakuwa, bwalo lonse likumva. "Achemwali anakuuzani, inu n'kundiika kumanja dala kuti bwana aone! Munkadya kwathu! Amayi ankanena zoona, ndinu kazitape!"

Azimayi a pamabenchi anayamba kunong'onezana. Eliezer anadikira kangolo kadutse, kenako anabwera kumpanda wa waya kumene ndinaima. Amayi anandifinya mkono.

"Khala chete," ananong'ona. "Mlongo wako akadziwa, sadzatiyang'ananso."

Eliezer anawalonjera amayi ndi mutu, mwaulemu ngati masiku onse, kenako anayang'ana ine. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Ndamuyeza akuthamanga mu gawo lachitatu lija. Bondo limenelija silinapwetekepo, Yudelka."

"Eliezer..."

"Phewa linayamba liti?"

"Lamlungu la Kanjedza."

"Ukanandiuza zoona, ndikanamusiya pakati. Mwinanso ndikanamupezera chifukwa choti lero asasewere, bwana n'kudzamuona mwezi wamawa. Njira zinalipo zambiri." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ndine ndamuika uko. Ola lathunthu ndinakangana ndi mphunzitsi kuti mwana ameneyu akathyoke mkono."

Ndinkalira tsopano, osasamala za Dahiana amene anali ataima chapatali, khosi litatalika.

"Bwana akundifuna mu ofesi pompano," anapitiriza. "Akufuna kudziwa chifukwa chimene ndinamusamutsira. Ndikanena za bondo, ndavomera kuti ndinabisa bala chifukwa cha mkazi, ndipo mlongo wako amva amene anandiuza. Ndikangoti ndinkafuna aone mkono, ntchito mwina itsala, koma kwa Wilkin ndi San Pedro yense ndikhala kazitape mpaka kufa. Undiuze iweyo, ndikanene chiti?"

Amayi anandifinyanso mkono, zikhadabo mpaka kulowa. Pakamwa panga panatuluka chinthu chimodzi chokha, chopusa kuposa zonse.

"Ndinkangofuna kudziwa ngati umandikondadi."

Eliezer anavula kawotchi kaja pakhosi, anakapiringiza chingwe chake, n'kukalowetsa pa bowo la waya mpaka m'dzanja langa. Kanali kakuyendabe, sanakaimitse chiponyere Wilkin mpira uja.

"Ndiye wadziwa," anatero, n'kutembenuka kulowera ku ofesi.